Yunifomu ya Aphunzitsi

Mkazi wanga ndinkawatchula kuti aphunzitsi, ngakhale tili awiriwiri m'nyumba. Poyamba kunali kuseka chabe, koma dzinalo linakhazikika, ndipo linawayenera, chifukwa ndi munthu amene anandikonza katchulidwe ka mawu ndili pakati powafunsira. Ine sukulu ndinaisiya ndisanaidziwe bwino. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa manyuzipepala okulungira tinsomba ta kapenta, ndipo mpaka lero pali nkhani zambiri za dziko lino zimene ndimadziwa chiyambi chake chokha, poti mapeto ake anapita ndi wogula wina.

Tinkakhala ku Matero, komboni ya mu Lusaka. Iwo ankaphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ya boma, ine ndinkasunga makiyi a nyumba ya katundu pa kampani ina ya boma. Ana tinali nawo atatu: woyamba mtsikana, kenako anyamata awiri. Monga mwa mwambo, komboni yonse inkawaitana aphunzitsi ndi dzina la mtsikanayo, amake uje, ndipo ine ndinali atate ake uje. Zimene ndikulembazi ndi za mmene mwana ameneyu anatulukira m'nyumba ya amayi ake, ndi mmene ine ndinayesera kumubwezamo.

Koma ndiyambe ndi ubwino wawo, chifukwa unalipo ndipo sunali wochepa. Zaka zimene makampani a boma ankagulitsidwa, yathu inagulitsidwanso, ndipo eni atsopano anaona kuti makiyi angathe kudzisunga okha. Ndinayamba kuyala mabuku akale ndi magazini m'mbali mwa msewu m'tauni. Malondawo sanayende, makamaka chifukwa wogula akaloza buku limene sindinamalize kuwerenga, ndinkamuuza kuti mulibe masamba ena. Nyumba inatsamira pa malipiro a aphunzitsi, amene ankatha mwezi usanafike pakati. Ufa tinkagula wa m'timapepala, uja ankati pamela. Aphunzitsi sanandinyozepo ngakhale kamodzi. Masana akaweruka ankayala mphasa pakhonde n'kuphunzitsa ana a m'komboni, ndipo mwana wa munthu wosauka sankamubweza. Zinalinso zaka za matenda aja oondetsa, pamene achibale ankaopa kukhudza m'bale wawo. Aphunzitsi ankalowa m'nyumba zotero ndi beseni ndi sopo wawo, kusambitsa wodwala, kumudyetsa phala, kumupempherera. Anthu ambiri ku Matero anafa ali aukhondo chifukwa cha manja a mkazi wanga.

Chuma chawo chinali chimodzi: yunifomu ya gulu la amayi a kumpingo. Bulauzi yoyera, siketi yakuda, chitambala choyera kumutu. Lachitatu madzulo ankaisita ndi simbi ya makala, ndipo nthawi imeneyo ngakhale nkhuku inkadziwa kuti pakhonde sipodutsa. Lachinayi ankaivala n'kupita kumsonkhano wa amayi, akuyenda pakati pa fumbi la Matero osadetsedwa, ngati fumbilo linkawaopa.

Pampingo pathu panali lamulo. Mtsikana wosakwatiwa akatenga mimba ali m'nyumba ya makolo, amayi ake ankavula yunifomu n'kumakhala pa benchi ya kumbuyo kufikira mwana atabadwa ndipo mtsikanayo ataulula pamaso pa akulu. Zikatero ankaivalanso. Aphunzitsi anali wachiwiri kwa amayi a pampando, ndipo ndi iwo amene ankatumidwa kukatenga mayunifomu a anzawo olangidwa. Ankapita ndi kapulasitiki, kupemphera kaye ndi mwini wake, n'kubwerera nayo itapindidwa bwino.

Mwana wathu atamaliza sekondale ntchito sanaipeze, monga anzake onse a nthawi imeneyo. Anayamba kuthandiza pa kantemba, kagolosale kakang'ono ka pafupi ndi pokwerera mabasi. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi dalaivala wa minibasi, munthu amene pambuyo pake tinamva kuti ali ndi mkazi ku komboni ya George. Anam'patsa mimba, ndipo mimbayo anaikana. Mtsikanayo anauza ine poyamba, podziwa kuti m'nyumba muja wofewa ndi ine. Ndinayenda nayo nkhaniyo tsiku lonse ngati khala m'thumba, madzulo ndinawauza aphunzitsi.

Sanalire, sanakalipe. M'mawa mwake ndinawapeza akulongedza zovala za mwanayo m'saka ya ufa.

"Aphunzitsi," ndinatero, "ndi miyezi yochepa chabe pa benchi ya kumbuyo. Ine kumbuyoko ndakhalako moyo wanga wonse. Ulaliki umamveka bwinobwino, ndipo tulo ta kumeneko n'tokoma."

"Inu mumakhala kumbuyo chifukwa chochedwa," anayankha osandiyang'ana. "Ine ndikakhaleko chifukwa chiyani? Wachimwa ndine?"

"Palibe wanena kuti mwachimwa."

"Ndiye ndivuliranji? Ine amene ndavula anzanga, lero abwere ndi kapulasitiki pakhomo panga?"

Mtsikanayo anagwada pakhomo la chipinda. Iye ankalankhula chinyanja cha m'tauni, chimene amayi ake analephera kuchichotsa m'kamwa mwake ngakhale ndi ndodo.

"Bamami, nalakwa. Nimenyeni chabe mwamene mufunila, koma musanipishe."

"Dzuka, ukudetsa maondo. Amayi ako ukawapeze kumene unapeza mimbayo."

Ndinakweza mawu, chinthu chimene sindidziwa kuchita bwino. Ndinati nyumbayi ndi yanganso, ndipo mwana wanga sachoka. Aphunzitsi anamanga sakayo pakamwa n'kunena modekha kuti akakhala iyeyo achoka iwo, akagona m'kalasi. Ndinkawadziwa, akanachitadi. Ndinaganiza kuti mkwiyo wa mayi sutha mwezi, choncho ndinasenza saka ija n'kumuperekeza mwanayo kwa mlongo wanga ku komboni ya Chazanga. M'minibasi ndinamulonjeza kuti mvula isanagwe adzakhala atabwerera. Ndinali nditawerenga mabuku ambiri mmene amayi amakhululuka pa tsamba lomaliza.

Lachinayi lotsatira amayi a pampando anabwera ndi anzawo awiri, kapulasitiki kali m'manja. Aphunzitsi anawalandira atavala yunifomu yonse.

"M'nyumba muno mulibe wamimba. Lowani muone."

Amayi a pampando, munthu wonenepa ndi wosavuta, anadzidzimuka. "Koma amake uje, ife sitinanene kuti mum'thamangitse mwana."

"Simunanene inu, ndanena ine. Ndipo dzina limenelo musandiitanenso nalo."

Anawauza kuti kuyambira tsiku limenelo aziwaitana ndi dzina la mnyamata wamkulu. Anauzanso aneba, aphunzitsi anzawo, ngakhale wogulitsa makala. Munthu akaiwala n'kuwaitana ndi dzina lakale, sankatembenuka. Pasanapite nthawi komboni inazolowera, ndipo inenso ndinapezeka kuti ndine atate a mnyamata. Kapulasitiki kaja kanabwerera kopanda kanthu.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Mwana wanga anabereka mtsikana. Anayamba kugulitsa salaula, zovala zakale za kunja zimene zinadzaza misika zaka zimenezo, ndipo anali ndi diso labwino posankha. Malaya amene ndinkavala kutchalitchi anali ochokera kwa iye. Aphunzitsi ankawachapa ndi kuwasita osafunsa kumene munthu wosagulitsa mabuku wapeza malaya otero. Ndikayamba nkhani ya ku Chazanga, ankanyamuka kukaona mphika. Pa pemphero la madzulo ankatchula odwala a m'komboni mmodzimmodzi, akaidi, amasiye, oyenda pa misewu, anyamata athu awiri. Ine ndinkadikira ndi maso otsinzina. Ankafika pa ameni.

Mdzukulu atayamba kuyenda ndi kulankhula, ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yaikulu. Ndinamuphunzitsa moni wa mawu atatu wopatsa agogo ake, tinabwereza njira yonse, ndipo Loweruka lina ndinafika naye ku Matero. Aphunzitsi anali pakhonde ndi ana awo a pamphasa. Kamwanako kanapita molunjika, kanapinda maondo n'kunena, "Muli bwanji ambuya."

"Ndili bwino, mwanawe," anatero aphunzitsi. Anakanyamula, kukapukuta mphuno ndi chitenge chawo, kukapatsa chitumbuwa, n'kukakhazika pakati pa ana aja. Anakagwira dzanja n'kukalembetsa chilembo choyamba pa sileti. Ine ndinaima pa mtengo wa mapapaya ndikudziyamikira kale ngati munthu wodziwa mitima ya anthu.

Ana aja atabalalika, aphunzitsi anakapatsa kamwanako madzi akumwa n'kutembenukira kwa ine.

"Mwana wa eni ake uyu mum'bweze dzuwa lisanalowe. Ndi wochenjera, amuyambitse sukulu msanga. Koma musamam'phunzitse bodza. Ambuya ake ali kwina."

M'minibasi kamwanako kanagona pamiyendo panga, chitumbuwa chili m'manja. Amayi ake anatichingamira pamsewu ku Chazanga. Anandiyang'ana kumaso n'kunyamula mwana wake.

Matenda anawagwera aphunzitsi ali m'kalasi, choko chili m'manja. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi ya thupi itafa, koma lilime lili lamoyo ndi lakuthwa monga kale. Amayi a mpingo ankabwera Lachinayi ndi nyimbo ndi shuga. Masiku ena onse, kusambitsa, kutembenuza, kuchapa nsalu za pabedi, zinali zanga, chifukwa anyamata anali atapeza maganyu kutali ndipo ankangobwera kudzagona.

Mwana wanga atamva anabwera. Anaima pakhomo la chipinda, osalowa.

"Ndani ali pakhomo?" anafunsa aphunzitsi, ngakhale ankamuona bwinobwino.

"Ndi mwana wanu," ndinayankha.

"Ana anga ali ku ntchito. Nditembenuzeni ndiyang'ane kukhoma."

"Sinditero."

Sanandipemphenso. Anatambasula dzanja lamoyo lija, anagwira chitsulo cha bedi, n'kuyamba kudzikoka. Zinatenga nthawi. Thukuta linatuluka pamphumi, mwendo wakufa unkatsalira, mpweya unkamveka ngati wa munthu wokwera phiri. Ife awiri tinangoima n'kumaonerera mayi wodwala akugwiritsa mphamvu zake zonse kuti afulatire mwana wake. Atafika kukhoma anapuma, n'kutseka maso.

"Basi badadi, basiyeni," anatero mwanayo. "Bazazipweteka."

Koma sanabwerere ku Chazanga n'kukhala. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala banja la chisilamu, makolo awo anachokera ku Malawi. Mwamunayo ankakhoma mbaula ndi ndowa. Amayi a m'nyumbamo anamulola mwana wanga kuchapira pa mpopi wawo. M'mawa uliwonse asanapite ku salaula ankafika kumeneko, ine ndinkamuponyera nsalu zodetsedwa pamwamba pa mpanda, masana zinkabwera zouma ndi zopinda. Ndinauza aphunzitsi kuti ndapeza mtsikana waganyu.

Tsiku lina ndikuyala bedi, anatenga nsalu imodzi n'kuiyang'anitsitsa. Inali yopinda patatu, m'mphepete mwake mutalowa mkati, mmene iwo okha ankapindira ndi mmene anaphunzitsira munthu mmodzi yekha. Anaisisita ndi chala nthawi yaitali. 

"Zichapidwenso," anatero.

Ndinapita nazo kuseri, ndinaziwaza madzi, ndinaziyanika, n'kuzibweretsa zopinda mwa ine, ngati mtolo wa fodya. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yopindula zimene mwana wanga wapinda. Iye sindinamuuze.

Aphunzitsi atayamba kufooka anaitanitsa amayi a pampando. Ine anandituma kukagula buledi wa alendo, ndipo ndinapita mokondwa, ndikuganiza kuti mwina akufuna kumasula mtima popanda ine kuwaona akugonja. Pobwera ndinapeza amayi a pampando akutuluka, maso ali ofiira. Buledi sanamudikire. Ndinawafunsa ngati zayenda bwino. Anati, "Atate, mkazi wanu ndi munthu wa Mulungu, koma ndi wolimba," n'kumapita.

Anamwalira m'mawa wina kukuzizira, ndikuwamwetsa tiyi.

Maliro anali aakulu. Mwana wanga anabwera tsiku lomwelo, koma m'nyumba momwe munakhala amayi olira sanalowe. Anakhala kuseri ndi ophika, kuduladula kabichi ndi kutsuka mbale. Ine ndinali ndi nkhawa imodzi. Kuno ku Lusaka, manda akakwiriridwa ndipo dothi laumbidwa, woyendetsa mwambo amaitana anthu kudzaika maluwa mwa dongosolo: mwamuna kapena mkazi wa malemu, kenako ana, kenako achibale, mpingo, a ku ntchito, mpaka onse. Pamenepo ndi pamene anthu amadziwa kuti malemu anali ndi ndani. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo amene anasankhidwa kuyendetsa mwambowo ndipo ndinamuuza kuti ana ndi atatu, woyamba ndi mtsikana.

"Tikudziwa, atate, musade nkhawa," anatero akundisisita pamsana.

Aphunzitsi anavekedwa yunifomu yawo, ndipo amayi anzawo ovala zoyera ananyamula bokosi. Ku manda a Chingwere tsiku limenelo kunali mphepo ndi fumbi, maliro ambiri mbali ndi mbali, nyimbo za mipingo yosiyana zikugundana m'mwamba. Wamasiye pamanda salankhula ndipo sayenda yekha. Anandikhazika pa chitenge pansi, alamu anga awiri, abale a aphunzitsi, atandigwira uku ndi uku. Ataitana mwamuna wa malemu anandinyamula ngati thumba, ndinaika nkhata yanga ya maluwa kumutu, anandibweza.

Mkulu uja anatsokomola. "Tsopano ana aamuna a malemu, onse awiri, abwere."

Ndinayesa kudzuka. Mlamu wamkulu anandikanikiza paphewa. "Mulamu, nkalani pansi. Ni mau yamene banasiya bene."

Ndinayang'ana amayi a pampando. Anali atawerama, akuyang'ana nsapato zawo. Mnyamata wamkulu anatembenuka n'kufufuza m'khamu, anaima pang'ono, koma mayi wogawa maluwa anamukankhira duwa m'manja ndipo anapita. Mlongo wawo ndinamuona. Anaima patali, pafupi ndi manda a munthu wina, atafunda chitenge chakuda, manja atapinda pachifuwa.

Anaitana abale a malemu a kumudzi. Anaitana abale anga. Mlongo wanga anam'koka dzanja mwana wanga, iye anapukusa mutu. Anaitana amayi a yunifomu, akulu a mpingo, aphunzitsi anzawo, aneba. Manda anadzaza maluwa. Pomaliza mkulu uja anati, "Onse amene anaphunzitsidwa ndi malemu."

Khamu linagwedezeka. Anatuluka makondakitala, amayi a pamsika, anamwino, wapolisi mmodzi, ana ovala yunifomu ya sukulu, mzere wautali wokhotakhota pakati pa manda. Mwana wanga anayenda pang'onopang'ono n'kukaima kumapeto kwa mzerewo. Palibe akanamuletsa. Matero yonse inkadziwa kuti giredi yachiwiri anaiphunzira m'kalasi ya amayi ake, ndipo ankakwapulidwa kuposa ana onse kuti pasapezeke wonena kuti aphunzitsi akukondera.

Pamene ankafika kutsogolo maluwa anali atatha. Mayi wogawa uja anali akuthyola masamba ndi timitengo totsala m'katoni. Atamuona anazengereza, anayang'ana amayi a pampando, kenako anam'patsa kamtengo kopanda duwa. Mwana wanga anagwada kumiyendo kwa manda, anakabaya m'dothi, anakatsindira ndi chala kuti mphepo isakagwetse. Nyimbo inali italekeza, moti amene tinali pafupi tinamva.

"Zikomo ba ticha."

Anadzuka, anasasa maondo, n'kubwerera kumene anaima.

Mwambo utatha alamu anandimasula. Anthu ankakwera malole kubwerera kunyumba ya maliro kukasamba m'manja ndi kudya. Ndinam'peza mwana wanga akulowera kumsewu.

"Tiye kunyumba, mwana wanga. Tsopano palibe wokuletsa."

Anandikonza kolala ya malaya, imene alamu anaipinda pondigwira.

"Badadi, nikangena manje, ndiye kuti nenze kuyembekeza chabe kuti bafe."

"Ndi nyumba yako."

"Ni nyumba yao. Banakamba, na ine namvela. Imwe muzibwela ku Chazanga."

 Iye anakwera minibasi, ine ndinakwera lole ya anthu a maliro. M'nyumba muja sanalowemonso mpaka lero. Akabwera kudzandiona amaima pamsewu, n'kutuma mwana wake kuti adzandiitane.